Chigubu Chobooka

Ndinachigula kwa mayi wina pamsika wa Zigwagwa,
chigubu chabuluu, chonunkhabe mafuta ophikira.
Ndikuchikankha panjinga kudutsa ku Masasa
anyamata a kabaza ankandikuwiza:
Suzgo, wayamba kutcheza kachasu kodi?

Msomali ndinauotcha pambaula mpaka kufiira psuu.
Mabowo asanu ndi awiri, osapitirira,
lililonse longokwana njere ziwiri.
A Chiumia, eni famu, ataimirira ndi ambulera, anati:
ukaboola kwambiri zidya usiku umodzi n'kukutsanzika;
nguluwe uziipatsa pang'ono, kuti izibweranso.

Tcheni cha njinga yakufa,
chikhomo cha bulugamu,
chimanga chofumbwa chonyika m'masese a kwa Nyaluhanga
mpaka fungo lake kuthamangitsa agalu.
Ndinamangirira zonsezo kumunsi kwa khola la ng'ombe,
pamene waya wa mpanda umathera
ndipo nkhalango ya Kaning'ina imayambira.

Sabata yoyamba, zii.
Yachiwiri ndinapeza ziboda zadinda m'matope,
udzu utagona mozungulira chikhomo
ngati pabwalo popunthira nyemba.

Ndiye ndinakwera pansanja, mumtengo wa msuku,
mfuti ya bwana pamiyendo,
chikalata chake chili m'pepala la shuga kuopa mvula.
Mvula ya kuno siigwa, imangokhala nawe.
Nkhungu inameza magetsi a ku Katoto limodzilimodzi,
zala zanga zinasanduka zinangwa.

Cha m'ma wani koloko, tchire linatsokomola.
Inatulukira yaikazi, msana wa nyenje zotuwa,
pambuyo tiana tinayi tamizeremizere ngati mavwende.
Imeneyi ndiyo inatimalizira chinangwa cha chaka chatha,
mizere makumi atatu usiku umodzi.
Ndinaika chala pamalo pake.

Inagunda chigubu ndi mphuno. Gudu.
Njere ziwiri.
Gudu, gudu. Zitatu.
Tiana tinalimbirana, iyo osadya,
inangokankha, kukankha,
kuzungulira mpaka pamene tcheni chalekeza,
n'kubwereranso momwemo.

Sindikudziwa chinandikumbutsa n'chiyani
khonde la a Chiumia pa sate,
ine chipewa m'manja, iwo akunyowetsa chala ndi malovu:
gwirako kaye iyi, yotsalayo Lachisanu.
Lachisanu: ng'ombe sizinagulidwe, ubwere Lolemba.
Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.
Wezi wanga anabwezedwa kusukulu kawiri teremu ino,
ine m'mawa uliwonse ndili pageti, nthawi yake,
njira yanga yomweyo, udzu unagona kalekale.

Ndinayang'ana m'mwamba, m'nthambi za pamutu panga,
ngati kuti nanenso wina wandikhalira pansanja.
Munali kadzidzi yekha, wonyowa ngati ine.

Pamene ndimatsitsa maso
zinali zitalowa kale m'nkhungu,
chigubu chikugwedezekabe chokha.

Kutacha bwana anafunsa: bwanji sitinamve kulira kwa mfuti?
Ndinati nkhungu, bwana, munthu sumaona ngakhale dzanja lako.
Anati chimanga chikutha, Suzgo, ndidzakudula pamalipiro.
Ndinati chabwino, bwana.

Madzulo ake ndinakoleza mbaula,
ndinaika msomali uja pamakala,
ndinatsetsereka nawo kumunsi kwa khola usanazizire.
Pulasitiki inalira tsii, kautsi kakuda kanakwera.
Bowo lachisanu ndi chitatu,
lalikulu, lolowa chala changa chachikulu.