Mapointi a Darlene

Kalata ya ku banki yafika Lachiwiri,
yonyowa m'mphepete poti bokosi lathu limadontha.
Akuti: Bambo Orrin Haugen,
muli ndi mapointi 61,400,
agwiritseni ntchito Marichi asanathe.

Ndaiwerenga ndi magalasi a Darlene,
anga ndinawaiwala m'galimoto,
ndipo kunjaku Fargo yense wayera mbuu,
chipale chafika m'mawondo.

Ine sindinkadziwa kuti khadi limawerenga.
Ndinkangolitulutsa m'thumba,
kulikhudzitsa pa kamakina,
tiii, basi, n'kumapita.
Koma ilo linkasunga zonse mumtima
ngati munthu wa mangawa:
mapiritsi a m'botolo la bulauni,
petulo wopitira ku chipatala kawiri pa sabata,
khofi wozizira wa m'kantini ya pansi,
bedi lija lokwera ndi kutsika ndi batani,
ngakhale maluwa a tsiku lomaliza.
Dola iliyonse pointi imodzi.
Pa petulo, ziwiri.

Kani matenda nawonso amabweza chenje.

Ndaimba foni.
Piyano yandilirira m'khutu mphindi makumi awiri,
kenaka mawu a mnyamata:
Ndine Thaddeus, ndikuthandizeni chiyani lero?
Ndati ndikufuna kupita ku Albuquerque,
kwa mwana wanga Kirsten.
Sindinamuuze kuti chiikire maliro
ine ndi Kirsten timangokambirana za nyengo,
iye dzuwa lake, ine chisanu changa,
mphindi zinayi, foni pansi.

Pa Khirisimasi ayi, watero Thaddeus,
masiku amenewo ndi otseka.
Loweruka ayinso.
Ilipo ya Lachitatu m'bandakucha,
mukasintha ndege ku Denver,
mukadikira maola asanu.
Mpando wa pakati, pepani.
Msonkho wokha mulipira ndi ndalama zenizeni,
madola khumi ndi imodzi.

Ndikumumva akugogoda mabatani,
akusandutsa miyezi khumi ndi inayi ya odwala
kukhala mpando 23B.

Ndiye wafunsa, mwaulemu wake wophunzitsidwa:
Tikiti imodzi kapena awiri?

Firiji ikung'ung'udza.
Pakhomo la kukhitchini jekete yofiira ikadali pa msomali.

Bambo Haugen, mulipo?
Ndilipo. Imodzi.

Darlene sanakwerepo ndege.
Ankati chitsulo malo ake ndi pansi.
Zaka makumi anayi ankadula makuponi m'nyuzipepala
ndi sizasi ya chigwiriro chothyoka,
n'kuwasanja m'chitini cha mabisiketi,
a sopo paokha, a nyemba paokha.
Akanamva kuti ndapeza ulendo waulere
akanandiyang'ana pamwamba pa magalasi omwewa:
Orrin, chaulere chimakhala pa msampha wa mbewa.
Ndipo sakananama.
Ndikudziwa amene walipira.

Atsala mapointi 3,400.
Thaddeus akuti akwanira chikwama chimodzi chachikulu,
kapena ndisankhe ketulo m'kabuku kawo ka mphatso.
Ketulo ndili nayo.

Ndamufunsa ngati pa bwalo la ndege amalola singano zolukira,
chifukwa pali juzi ya mdzukulu wanga Tobias,
yobiriwira, ya mkono umodzi,
ulusi ukadali pa singano
pomwe dzanja linatopera.
Mwanayo wakula, singamukwanenso.
Thaddeus akuti sakudziwa bwino,
koma ndikaika m'chikwama chachikulucho
palibe andivute.
Wandiwerengera nambala, zilembo zisanu ndi chimodzi,
ndazilemba kuseri kwa envulopu yonyowa ija
inki n'kumwazika.

Madzulo ndafosholo chipale pa khomo,
msana ukulira,
kenaka ndaimbira Kirsten.
Kukuzizira bwanji kumeneko, Adadi?
Kwambiri, ndatero. Ndikubwera Lachitatu la mawa lija.

Chete.
Kumbuyo kwake galu akuuwa,
wina akutsuka mbale.

Ndege yadula masiku ano, Adadi,
ndalama mwazitenga kuti?

Ndavula magalasi aja,
ndawapukuta ndi malaya.
Amayi ako, ndatero.
Amayi ako ndiwo agula.