Zatha

Usiku wachinayi wa chitungu muno mu Marseille,
makoma nawo akuchita thukuta.
Bambo anga, a Baptistin, agona chagada pa matailosi a kukhitchini,
thaulo lonyowa pachifuwa,
akupuma wefuwefu ngati akwera masitepe onse a ku tchalitchi cha paphiri.

Ine ndili pa foni, chala chikuterereka pagalasi.
Ndikufuna fani. Iliyonse,
ngakhale yolira ngati njinga yamoto.
Chithunzi chilipo, yoyera, ya mapiko atatu,
mtengo ulipo, nyenyezi zisanu zilipo,
koma batani logulira lamera imvi:
zatha.

Sitolo ina, zatha.
Ina ikuti yatsala imodzi yokha.
Ndiiponya m'dengu mtima uli phaphapha,
ndilemba manambala a khadi,
ndiphonya imodzi,
pobwerera ndipeza dengu lili pululu.
Wina ku Lille, kapena kuseri kwa khoma lomweli,
ali ndi zala zaliwiro kuposa zanga.

"Tikudziwitseni zikabwera?"
Ndisiya imelo ngati wolembetsa dzina pamzere wa kuchipatala.
Akuti pa 9 Sepitembala.
Pofika tsikulo mphepo ya mistral idzakhala itabwera yokha,
yaulere, ikumenyetsa mawindo.

Ndizimitsa foni.
Pamwamba pa firiji pali katoni ya pitsa ya dzulo.
Nding'amba chivundikiro chake,
ndikhala pansi pambali pawo
n'kuyamba kukupiza.
Kafungo ka tchizi kazungulira chipinda chonse.

Osatsegula n'komwe maso, bambo akuti,
"Imeneyi wagula zingati?
Taikweza pa nambala yachiwiri."