Mayunitsi Asanu ndi Awiri

Mita yayambanso kulira pakhoma,
ti! ti! ti! ngati mwanapiye wosochera.
Atsala mayunitsi asanu ndi awiri,
mwezi usanafike n'pakati pomwe.

Nyumba yanga ndimaiwerengera pa kanyali kofiira.
Ndikayatsa babu, kamaphethira mwaulesi.
Ndikalumikiza simbi kusita yunifomu ya Mwatitha,
kamaphethira ngati diso logwera tsabola.
Ketulo ndiye mbala yamasanasana.
Firiji ya mafilizesi a Nachisale
ndinkainamizira, kani imadya mwaulemu,
n'kudzilipirira yokha pa Kamuzu Road.

Fani yokha sitiikhudza.
Okutobala wa ku Salima sapemphedwa chifundo.

Dzulo Mwatitha anandiyesa:
"Ababa, magetsi amachokera kuti?"
Ndinati, "Kwa ejenti wa pasiteji."
Anaseka, natsegula kope:
madzi a ku Senga Bay amatsika ndi Shire,
akagwa pa Nkula amazunguza makina,
n'kubwerera kuno pa waya.
Ena ndi dzuwa lomweli,
lotcheredwa m'magalasi ku Nanjoka.

Ha! Ndimagula madzi omwe ndinasambamo ndili mwana,
ndi dzuwa londiwaula ulere padazi?

Ndazimitsa babu la pakhonde.
Mita ikulirabe.