Ndodo ya ku Madzi a Mchere

Che Ajasi sagulitsa ndodo kwa munthu woimirira.
"Khala pansi," akutero, "tambalala
monga umakhalira m'kayaki mwako muja."
Ndiye ine, Twaibu, bambo wa ana awiri,
ndakhala pasimenti m'sitolo mwawo
pakati pa zitini za penti ndi matayala a njinga,
akabaza pakhomo akusuzumira, mano pamtunda.

Ndodo zilipo zisanu, zonse zinagwirapo kale ntchito.
Anabwera nazo mlamu wawo kuchokera ku Debeni
pamwamba pa basi, zitakulungidwa m'bulangeti.

Yoyamba, mlongoti weniweni,
nsonga yake ikukanda malata.
"Iyo nja anthu oima pamchenga.
Nsomba ikafika pambali pa bwato,
mkono wakowo udzatalika kuti uitole?"
Yachiwiri ndaikonda, yaifupi, yopepuka ngati phesi.
Iwo apukusa mutu, aloza zala za kumapazi kwanga:
"Nsomba ya kumeneko siuza munthu kumene ikulowera.
Ikazungulira kumphuno kwa bwato
ndodo iyenera kupitirira mapazi ako, iwoloke nayo,
apo ayi chingwe chidukira pansi pako
iwe nkutsala ndi nthano."

Zaka zisanu ndi ziwiri ndapalasa alendo ku Chembe,
kuzungulira Thumbi mpaka zikhatho zinachita zikang'a.
Mwera ndimaudziwa usanafike, ndimaumva m'mawondo.
Ludzu likandigwira ndimangotunga ndi dzanja.
Tsopano foni yabwera, ntchito ku Pemba,
kumene akuti madzi amachoka okha m'mawa
nkubwerera masana ngati anaiwala kanthu,
madzi oti sungamwe ngakhale pakhosi pataphulika.

Yachitatu chigwiriro chake nchachitali,
chikundibaya pamchombo ndisanaponye nkomwe.
Yachinayi yokongola, yofiira ngati phwetekere,
koma Che Ajasi apala kamphete kake ndi chikhadabo,
fumbi la dzimbiri lagwera pa thalauza langa.
"Waona? Mchere sudya ndi phokoso.
Umayamba ndi timphete, kenako kagudumu ka chingwe,
ukamazindikira wagwira mtengo wopanda ntchito."

Malemu bambo anga sankasankha chonchi.
Ankapita kuseri kwa nyumba ku Malindi ndi chikwanje,
nsungwi yomwe yawayang'ana ndiyo yomweyo,
nkuiwamba pamoto, nkuiwongola pabondo,
mawa lake ncheni zili mbuu m'dengu.
Ndikanawauza kuti ndodo ikugulidwa mtengo wa mbuzi
akanaseka mpaka kutsokomola.

Yachisanu ilibe maonekedwe.
Yakuda, yokandika, dzina linafufutika,
wina anaimanga ndi tepi pamene panasupuka.
Che Ajasi amangirira chigubu cha malita asanu kuchingwe,
chodzaza madzi a pampopi.
"Nyamula. Osadzuka. Ndi msana, osati ndi mkono."
Nsonga yagwada ngati munthu pa swala,
koma pakati pakana, pauma gwa,
chigubu chanyamuka, chikulendewera, chikuzungulira,
akabaza aja asiya kuseka.

Sindikudziwa chinandigwira nchiyani.
Ndinaika lilime pa chigwiriro chake.
Mchere.
Kaya ndi wa nyanja ya ku Debeni,
kaya ndi thukuta la mwini wake woyamba,
munthu amene sindidzamudziwa,
amene anaigulitsa mwina lendi itamuthina.

Takanganapo za mtengo mpaka azana ya masana.
Andichotsera pang'ono, andiwonjezera mbedza zitatu
ndi mawu awa, aulere:
"Tsiku lililonse ukatuluka m'madzi, uitsuke ndi madzi akumwa.
Iwenso usambe. Mchere sudziwa kuti uyu ndi mlendo."

Pano ndili pa kabaza, tikuwoloka mlatho wa Shire,
ndodo ili chilili ngati eriyo ya wailesi.
Pansipa anyamata m'mabwato akuponya makoka,
mmodzi wakweza nkhafi, akufunsa kuti ya chambo imeneyo?
Sindinamuyankhe.
Matola a ku Chiponde anyamuka Lachinayi,
ndipo nsomba imene ndagulira ndodoyi
dzina lake sindikulidziwa.