Mchenga wa m'Nasolo

Ndimalowa m'madzi maminibasi asanayambe kuitanira,
fosholo paphewa, nsalu ndamanga m'chiuno ngati wopita kumaliro.
Nasolo amawadziwa mapazi anga.
Ming'alu ya kuzidendeneyi analemba ndi iyeyo.

Akuti kale muno munali nkhanu.
Ine ndinapeza matewera,
majumbo okoleka m'mabango ngati mbendera za chipani choluza,
mabatire, singano za kuchipatala, galu wotupa.
Kumunsi uko, tikakumana ndi Mudi,
madzi amasintha zovala ngati mkwatibwi:
Lolemba abuluu, Lachinayi ofiira,
Loweruka thovu la sopo wosachapa kanthu.
Sitifunsa. Fakitale ilibe pakamwa, ili ndi paipi basi.

Mulu umodzi, mawilibala makumi awiri.
Saizi amabwera ndi lole yake yotsokomola,
kunenerera, kulavula, kulipira theka.
Mchenga wanga umakwera phiri.
Madzulo ndimauona uli pamsana pa Ndirande
utasanduka khoma, utasanduka khonde,
pomwe bambo anga ankati panali mitengo yothithikana
yoti masana umayenda ngati usiku.
Nawonso anadulako, sanabise.
Ankati nkhalango inali ya boma, njala inali yathu.

Lero phiri lili mbulanda.
Chitsa chinapita pambaula, muzu ku uvuni wa njerwa,
chimanga chakwera mpaka pogona anyani.
Mvula ikagwa ilibe pogwira.
Imaterereka ngati mwana pasimenti yonyowa
itasenza dothi, miyala, zimbudzi,
n'kudzanditulira zonse pamapazi.
Ndinene chilungamo:
chaka cha mvula yoipa ndicho chaka changa chabwino.
Usiku umodzi mtsinje umandibwezera zonse ndinagulitsa.

Koma ya Malichi ija.
Masiku atatu osapumira,
kenaka phiri linabangula ngati malole khumi akukhuthula miyala.
Atachepa madzi ndinapita, mwachizolowezi.
Ndinakumba. Fosholo inagunda thabwa.
Chitseko. Chobiriwira,
chogwirira chake supuni yopinda yokhomera ndi misomali iwiri.
Ndinachizindikira.
N'cha a Makwinja, aja anatenga mchenga pangongole
kuti amalize chipinda cha Felesiya asanatsekere sukulu.
Anatsala ndi mawilibala atatu osalipira.
Pansi pa chitsekocho panali nsapato imodzi ya sukulu,
lamba wake womanga bwinobwino.

Sabata imeneyo sindinakumbe.
Yotsatirayo ndinakumba.
Lendi samva maliro.

Akhonsolo anabwera ndi chikwangwani:
kukumba mchenga muno ndi mlandu.
Anachiimika pagombe lomwe ndinaligumula ndekha,
simenti yake anasakaniza ndi mchenga wanga.
Ana asukulu anadzabzala mbande za mibawa,
anaimba, anajambulitsa, anapita.
Mbuzi zinathokoza.
Kamtengo kamodzi kokha ndinakatchingira ndi matayala akutha.
Musandifunse chifukwa, mthunzi wake sindidzaukhala.
Ndimakathirira Lachitatu,
tsiku lomwe madzi amayererako pang'ono.

Mlatho wopita kumsika wayamba kuonetsa nkhama
ndipo tonse tikuwadziwa mafosholo anaukumba kunsi.
Tikamaoloka timayang'ana kumbali.

Saizi akuti mawa kuli oda yaikulu,
wina akumanga pamwamba penipeni,
kumtunda kwa pomwe panali a Makwinja.
Akuti malo ndi otchipa kumeneko, mphepo ndi yabwino,
mzinda wonse umaoneka ngati uli m'dzanja lako.
Ndakhomerera kale mpini wa fosholo.

Chitseko chija ndinachitsuka,
ndinachitsamiritsa kuseri kwa nyumba.
Palibe wabwera kudzachifunsa.
Kugulitsa ndalephera, kusonkhera moto ndalephera.
Usiku mphepo ikamatsika m'phiri
chimagogoda chokha pakhoma langa,
ndipo ine, poti ndinaleredwa,
ndimadzuka n'kuyankha kuti lowani.