Theka Kutsogolo, Pang'ono Kumbuyo

Loweruka m'mawa ku Rotherham,
kamvula ka kuno kosagwa kosaleka,
ndagona chagada pa katoni ya filiji
pansi pa galimoto yanga yokalamba
yoima ndi miyendo itatu ngati galu wolasidwa ndi minga.

Dzulo ndinachita phuma.
Nthawi ya ntchito ya usiku inali itandithera,
bawuti ya buleki inalowa chopendama,
ndinamva ndithu kuti yakana
koma ndinaikakamiza ndi sipanala yaitali
mpaka inalira kuti kwii, kenaka n'kufewa.
Kufewa kumeneko aliyense wogwira sipanala amakudziwa.
Mtima unangoti myuu.

Lero ndaizula.
Matiredi atatu oyamba aphwathalala,
otsalawo adyedwa ndi dzimbiri
la mchere umene amamwaza m'misewu nthawi ya chisanu.
Ku galaja akuti mapaundi zana, ndipo malo alipo Lachinayi.
Mapaundiwo ali kale ndi mwini wake,
fizi ya mwana wa mlongo wanga ku Mponela.

A Oldroyd asuzumira pa mpanda.
Zaka makumi atatu ankasungunula chitsulo m'tauni muno,
tsopano manja awo sangagwire kapu osataya tiyi.
Sanafunse kanthu. Alowa m'nyumba,
atuluka ndi chitini cha mabisiketi,
m'katimo matapu ogona pamzere m'kansanza ka oyilo,
lililonse ndi nambala yake.
Andipatsa limodzi ngati akundibwereka mwana.
Ati: yamba wazungulira chobwerera,
ukamva kuti tha, wapeza pakhomo.
Ndiye theka kutsogolo, pang'ono kumbuyo.
Sipanala uyiiwale.

Ndakwecha ndi bulashi ya waya, ndadontheza oyilo,
ndapuzira m'dzenjemo, fumbi landibwerera m'maso.
Zala zanga zachita dzanzi,
tha uja sindikumumva.

Tochi wandigwirira ndi Nthanda.
Chiyambire Lachiwiri sitinalankhulane bwino,
tsiku lomwe ndinamukalipira pa khomo la sukulu
anzake akuona,
iye n'kundiyankha m'Chingerezi chothamanga cha kuno
chimene ndimachigwira kumchira kokha.
Waima apo, chipewa cha jekete kumutu,
kuwala akulozetsa paliponse kupatula pomwe ndikufuna.

Kenaka wagwada pa katoni.
Sanapemphe. Wangotambasula dzanja.
Zala zake zowonda zalowa pomwe zanga zinakanika,
wazungulira chobwerera, maso ali tsinzi,
kamodzi,
kawiri,
waima.
Ine sindinamve kalikonse, koma nkhope yake yamva.

Theka kutsogolo, pang'ono kumbuyo.
Tapu sikutema njira yatsopano,
ikungolambula yakale
momwe amalambulira njira ya kumanda dzinja likatha.
Tizitsulo tonyezimira tikutuluka ndi oyilo wakuda.
Atulutsa, ndipukuta, abwezeramo.
Kanayi konse.
A Oldroyd ali chiimire pamvula,
mutu ukugwedera pa theka lililonse,
kaya ndi kuvomereza kaya ndi matenda aja.

Basi ya nambala sikisi yadutsa kawiri.
Bondo langa lanyowa mpaka m'fupa.

Bawuti yatsopano, ya mapaundi awiri,
yalowa ndi zala zokha mpaka kumutu,
phee, ngati sipanachitike mlandu.
Nthanda wapukuta manja pa buluku lake labwino lija,
ndatsegula pakamwa, ndatsekanso.

Wati, Yalowa, adadi.
M'Chichewa.
Mawu awiri okha, ndipo wathamangira m'nyumba kukaotha.

Ndabweza tapu yopukutidwa bwino.
A Oldroyd aigoneka pamalo pake,
awerenga onse ndi chala chonjenjemera,
awerenganso kachiwiri,
atseka chitini.
Ine ndatsala panja ndi jeke,
kutsitsa galimoto pang'onopang'ono
kuti mwendo wachinayi ugunde pansi.