Wothira Nyimbo wa pa Kaphatenga

Kakiyosiki kanga kali pakati pa mayi wa mazira owiritsa
ndi mnyamata womata matayala a kabaza.
Ndimatchaja mafoni, ndimathira nyimbo m'mamemore.
Lero lokha anthu asanu ndi anayi
andipempha nyimbo zako, Ndaziona,
ngakhale dzina limeneli salidziwa.
Iwo amati Zii,
dzina lachete pa munthu wa phokoso lonseli.

Tinali anayi, Ana a Njanji,
tikuyeserera m'shedi ya thonje kuseri kwa siteshoni.
Lufeyo pa besi ya nsambo zitatu,
yachinayi waya wa buleki ya njinga.
Amidu pa kiyibodi yobwereka kwa abusa
omwe sankadziwa kuti Loweruka imagona ku bala.
Ine pa ng'oma.
Iwe unkafika mochedwa, manja akununkha anyezi
wa ku lesitilanti ya azakhali ako,
n'kutsegula pakamwa ngati ukulonjerera ngongole
kwa dziko lonse.

Ukwati wa ku Khombedza uja ndi umene unatimaliza.
Jenereta inatsokomola kawiri, n'kufa.
Magitala onse ziii,
tinatsala awiri, mawu ako ndi zikopa zanga,
ndipo palibe mlendo amene anakhala pansi.
Bambo wa galimoto yoyera wa ku Lilongwe
anatigwira chanza tonse anayi
koma kakhadi ka nambala anapatsa mmodzi.

Unakwera minibasi Lachiwiri m'mawa.
Ya thiransipoti ndinakubwereka ndine, zikwi zitatu,
ndipo unati ukukatikonzera malo.

Kenako tinayamba kukumva pa wayilesi.
Kenako nkhope yako, yotalika kuposa nyumba,
inaima pa mphambano ikutsatsa sopo.
Anyuzi anakukwatitsa kawiri, anakusudzula katatu.
Chaka china mawu anakuthawa,
anthu n'kumati wakulodza mnzako woimba,
ena n'kumati ndi mowa;
ine ndinkadziwa kuti sunaphunzire kupuma
pakati pa mzere ndi mzere.
Unabwerera ndi mawu okhuthala, a munthu amene wadwalapo,
ndipo anakukonda koposa kale.

Lufeyo ali ku Joni, amatsuka magalimoto.
Amidu tinamuika chaka cha madzi osefukira.
Nkhata yako inafika, yaikulu kuposa manda,
iwe unali ku Lusaka.

Zikwi zitatu zija unabweza,
patatha zaka zisanu ndi chimodzi, pa foni,
zenizenizo, osawonjezera, osalembapo liwu.
Sindikudziwabe ngati chinali chipongwe kapena ulemu.
Ndinagulira mwana nsapato.

Mwezi watha unadzaimba kuno kwanu.
Pakhomo zikwi khumi ndi zisanu.
Ndinaima kunja kwa mpanda ndi ogulitsa chimanga chootcha,
kumvera ng'oma za m'kompyuta zosaphonya, zosatuluka thukuta,
zikuimba kagundidwe kamene ndinapeka ine
pa benchi ino, ndi masipuni awiri.
Sindinakwiye monga ndinkayembekezera.
Phazi langa linkangoponda lokha m'fumbi.

Koma dzulo mtsikana wa sukulu wabwera ndi kanema wa usiku umenewo
kuti ndimusamutsire mu foni ina.
Ukukumbuka, pa kolasi yachiwiri ndinkathamanga,
chimwemwe chinkandipitirira m'manja,
ndipo iwe unkacheukira kumanzere,
diso limodzi, kundiuza kuti Yobe, bwerera.
Mu kanemamo, utavala zonyezimira,
anthu akukuwa dzina lako lachete,
pa kolasi yachiwiri wacheuka.
Kumanzere.
Kulibe munthu kumeneko, kuli sipika yakuda
ndi chingwe chomata ndi tepi.

Ndabwezera m'mbuyo kanayi.
Mtsikanayo wati, achimwene, basi indisiya,
mwamaliza?
Ndati netiweki ya kompyuta ikuvuta lero,
ngati kuti kompyuta yanga inaonapo netiweki.
Wandipatsa mazana awiri.
Ndamubwezera.